Foni Yomwe Inasankha Nsalu za Ukwati pa Ligowe

Mukafika pa Ligowe n'kufunsa kuti wodziwa nsalu ndani, palibe amene angataye mawu. Angokulozerani ndi mlomo kasitolo ka chitseko chobiriwira kali kumunsi kwa chigayo. Umo ndi mwa a Ruweida. Ine benchi yanga ya tomato ili moyang'anizana ndi khomo lawo, ndiye musayambe zondifunsa kuti ndinamva kwa ndani. Ndinaona ndekha, ndipo ndikakumbuka mtima umandiwirabe mpaka lero.

A Ruweida anabadwira ku Luwani, nthawi imene kunali kodzaza ndi anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki. Bambo awo, malemu a Haruna, ankayenda ndi njinga kugulitsa mchere, sopo ndi zitenje, mwana wawoyo atakhala pa kaliyala pamwamba pa katundu ngati nkhuku yopita ku msika. Zala zawo zinakulira pa nsalu. Atamwalira bambowo, iwo anayamba ndi kuyala zitenje pa mphasa tsiku la msika, kenako pa chingwe pansi pa mtengo wa mango, mpaka anapeza kachipinda kameneka.

Mukawabweretsera chitenje, sathamangira maluwa ake. Amayamba achinunkhiza. Kenako amanyowetsa chala ndi malovu n'kutikita pakona kuti aone ngati utoto ukutsalira pachala. Akatero amachikwinya m'dzanja, chifukwa pali nsalu zina zachinyengo zomwe amaziumitsa ndi sitachi, zoti ukangochapa kamodzi zimasanduka neti ya udzudzu, anthu n'kumakuwerenga mitsempha uli chivalire. Pomaliza amatuluka nacho panja. Nthawi zonse panja. "Tiyeni padzuwa, achemwali," amatero, "m'nyumba muno nsalu iliyonse ndi yokongola."

Zaka zonsezi a Ruweida sanagulitsepo nsalu yomwe sanaigwire ndi manja awo. Ankakwera lole pamwamba pa matumba a kachewere mpaka pa Zalewa, kuchoka apo minibasi ya ku Limbe, n'kubwerera fumbi lili mpaka m'mano. N'chifukwa chake amayi a kuno, a ku tchalitchi ndi a ku mzikiti omwe, akamva kuti nsalu yachokera kwa a Ruweida safunsanso ngati imasuluka. Chuma cha mayi ameneyu ndi dzina limenelo basi. Nyumba ndi ya lendi, ng'ombe alibe.

Chinthu chimodzi chokha anadzisungira. M'chipinda chawo munali bokosi lachitsulo, ndipo m'bokosimo munali belo la nsalu ya buluu, buluu wozama wokhala ndi timaluwa toyera ngati ta nyemba. Imeneyo inali ya nikaha, ukwati wa Chisilamu, ya mwana wawo yekhayo, Yasmin, amene akuphunzira za unamwino ku Blantyre ndipo ali pa chitomero. Nsaluyo anaisaka ku Limbe sitolo ndi sitolo mpaka mapazi kutupa, anatuluka nayo pamsewu kukaiona padzuwa mwini sitolo akukuwa kuti akuba. Ine anandionetsa kamodzi kokha, atandiuza kuti ndisambe kaye m'manja.

Tsopano ndikuuzeni za a Kassim, amuna awo. Ndipumire kaye.

A Kassim ndi munthu wooneka bwino, zimenezo sindingawalande. Ndevu zometa mwaluso, kofiya yoyera, mkanjo woyera wosita mpaka kuthwa m'mbali. Ntchito yawo amati ndi manijala wa sitolo. Umanijala wake ndi kukhala pa mpando pakhonde, mwendo pamwamba pa unzake, n'kumauza makasitomala kuti, "Lowani, mayi akuthandizani." Belo sananyamulepo, ati msana. Anayesapo bizinesi yoonetsa makanema, inafa. Anayesa yotchajitsa mafoni ndi sola, batire linapsa. Anayesa nkhunda, zinasamukira kwa aneba. Chaka chathachi anagulitsa mbuzi zomwe sanazimangirirepo ngakhale tsiku limodzi, n'kutsika ku Zalewa, n'kubwera ndi foni.

Apa ndinene chilungamo, chifukwa ine miseche ndimachita koma bodza ayi: foni ija ndi yokongola. Yopyapyala ngati bisiketi, yopepuka moti ukaigwira umachita mantha kuti mphepo ikulanda. Kumsana kwake ndi galasi losintha mtundu ngati khosi la nkhunda, ukapendeketsa uku lobiriwira, ukapendeketsa uko lofiirira. Makamera atatu aunjikana pakona ngati mafuwa. Koma nkhani inali kutsogolo. Sikirini yake ndi galasi lokhalokha kuchokera pamwamba mpaka pansi, popanda mkombero wakuda uja wa mafoni athuwa, ndipo m'mbali linapindikira pansi ngati madzi ofuna kusefukira m'mbale. Kamera yodzijambulira ndi kadontho ngati njere ya mapira. Chala chimatsetsereka ngati pa therere. Ife masana a Okutobala timachita kufunda chitenje kumutu kuti tione amene akuimba. Ya a Kassim imawala dzuwa lili paliwombo ngati ikupikisana nalo. Pakuda pamada bii, pofiira pamafiira psuu. Ankati wogulitsa anawauza kuti imeneyi ndiyo yotsogola pa mafoni onse a kampani yake, zonse za m'mafoni a mabwana zilimo, koma mtengo wake ndi woti ngakhale munthu wa mbuzi angaufikire.

Ankaipukuta ndi kofiya. Kofiya yopita nayo ku mzikiti, abale! Kava anakana kugula, ati ibisa kukongola kwa kumsana. Ankaiika pa mpando chagada kuti aliyense wodutsa aone galasi. Akazi awo sankaloledwa kuikhudza, ati zala zawo zili ndi mafuta a ndiwo. Zala zomwe zinadyetsa mbuzi zomwe zinagula foniyo!

Tsiku lina anajambula tomato wanga, uja wotsalira, wofota, wina atayamba kale kudontha. Atandionetsa ndinatsala pang'ono kumugula ndekha. Wofiira, wonenepa, wonyezimira ngati angomuthyola kumene ku dimba. Anandijambulanso ine, makwinya onse kuzimiririka, ndikuoneka ngati mwana wanga woyamba.

"A Kassim," ndinatero, "foni yanuyi ndi yabodza kuposa mboni za pa mlandu wa munda."

"Si bodza, mayi," anatero akuseka. "Ndi kwalite."

Ndiye kunabwera ukwati wa Ellen, mwana wa a Yunike, ndi mnyamata wina wodekha dzina lake Dickson. A Yunike ndi mnzawo wa a Ruweida wa kuubwana, onse a ku Luwani. Wina amapemphera Lamulungu, wina Lachisanu, koma matenda akagwa pakhomo pa mmodzi, winayo ndiye amagona pa mkeka kuchipatala.

Kuno ukwati suyenda popanda nsalu. Akuchikazi amasankha yawo, akuchimuna yawo, mayi aliyense amasoketsa, kuti pa perekaniperekani wolengeza akaitana kuti, "Akuchimuna ali kuti?" pabwalo pasefukire mtundu umodzi, akaitana akuchikazi pasefukire wina. Pamenepo ndi pomwe anthu amaona kuti mbali iti ili ndi anthu, iti ikudziwa kuvina, iti yangobwera kudzadya mpunga.

Akuchimuna ankatsogoleredwa ndi azakhali a Dickson, aNagama, mayi woti akatsegula pakamwa agalu amalowa pansi pa nkhokwe. Iwowa ukwatiwu sanaufune chiyambire. Ananena pachigayo, anthu akumva, kuti, "Mwana wathu akwatire kumene akufuna, koma ife sitingavale zofanana ndi anthu a ku Luwani, okulira ufa wa m'kampu. Zikafanana, ife kulibeko." A Yunike mawuwo anawameza chifukwa cha mwana. A Ruweida anawameza chifukwa cha sitolo. Pakuti aNagama, ndi matama awo onsewo, nsalu anadzaifuna kwa munthu wa ku Luwani yemweyo. Akanapita kuti?

Tsoka lake, mwezi umenewo bondo la a Ruweida linatupa ngati dzungu. Lole sakanakwera. Anati adikire kaye lipepuke, koma a Kassim anadzuka pa mpando wawo uja, chinthu chosowa ngati mvula ya mu Ogasiti, n'kulowa m'sitolo.

"Mayi a Yasmin, dziko linasintha. Wa sitolo yaikulu ku Limbe uja ali pa Watsapu. Atitumizira zithunzi, amayi asankhira pompano, katundu abwera pa lole. Bondo lanu lipume."

"Bambo a Yasmin, nsalu yosaigwira ine sindigulitsa."

"Mukufuna kugwira chiyani? Taonani apa. Ulusi uliwonse ukuoneka. Maso anuwo angaone chonchi?"

Anatambasula chithunzi ndi zala ziwiri, ndipo zoonadi ulusi unaoneka umodziumodzi ngati mizere ya m'munda.

"Nanga fungo?" anafunsa a Ruweida.

"Anthu amavala fungo?"

A Ruweida anakanabe. Koma a Kassim anali atauza kale amayi onse kuti abwere adzasankhe pa galasi, ndipo amayi a kuno mukawauza kuti pali choonera sadikira kuitanidwa kachiwiri. Oyamba anali aNagama ndi gulu lawo. Anazungulira foni mitu kugundana, a Kassim akutsetsereza chala pang'onopang'ono ngati m'busa akutsegula vesi. Zitenje zinkadutsa pa galasi paja zikuwala moti zomwe zinali pa chingwe m'sitolo zinaoneka ngati zigamba. Anaima pa ina yofiira psuu ngati tomato, ya maluwa ozungulira. "Iyi," anatero aNagama. "Anthu atione tikadali kumtunda kwa phiri."

Mawa lake anabwera a Yunike ndi akuchikazi. Anasankha ya mtundu wa nachesi wakupsa, nayonso ya maluwa ozungulira. Inenso ndinasuzumira, sindikana, nachesi ameneyo anandimezetsa malovu.

Magulu onse awiri a Ruweida anawauza mawu amodzimodzi: "Amayi, mudziwe kuti nsaluzi ine sindinazigwire."

ANagama anati, "Zikudutsa pakhomo panu, basi. Ife tikudziwa inu, osati wa ku Limbe."

A Yunike anati, "Iwe Ruweida, ukudandaula chiyani? Yofiira ndi ya nachesi zingafanane?"

Mwamva? Anasankha ndi foni, koma chidindo chinali dzina la a Ruweida.

A Kassim anaitanitsa mabelo awiri pa foni yomweyo. Katundu anafika sabata ya ukwati yomwe, lole itagona panjira chifukwa mvula yoyamba inagwa anthu asanaiyembekeze, ndipo msewu wathuwu ukangolawa madzi umasanduka phala. Tsiku limenelo a Ruweida anali kuchipatala ndi bondo lawo. A Kassim, pofuna kuonetsa kuti manijala ndi manijala, anatsegula mabelo onse awiri m'kasitolo kamdima muja, anatenga sizasi, n'kudula nsalu yonse m'zitenjezitenje kuti amayi angofika n'kutenga. Munthu woti sizasi amaidziwa pometa ndevu pokha! Ndipo aliyense pano akudziwa kuti nsalu yodula sibwerera ku Limbe.

A Ruweida anafika akutsimphina, anapeza milu iwiri pa kauntala, amuna awo akumwetulira pambali ngati mwana amene wasesa osatumidwa. Anatenga chitenje chimodzi pa mulu uwu, china pa mulu uwo, n'kutuluka nazo padzuwa. Ine ndinaona nkhope yawo ikugwa.

Panalibe tomato. Panalibe nachesi. Zonse ziwiri zinali katondo, dothi lofiirira lija timazira nalo nyumba. Ukayandikira kwambiri n'kutsinzina diso limodzi, ina inkakokera pang'ono ku kufiira, ina ku chikasu. Koma ukaima pomwe amaima munthu woonerera ukwati, inali nsalu imodzi, mtundu wa msewu wa ku Neno.

"Bambo a Yasmin, tabwerani. Yofiira ndi iti?"

A Kassim anayang'ana iyi, anayang'ana iyo. Anakanda ndevu. Kenako anapisa dzanja m'thumba kutulutsa foni kuti iwauze.

Nkhani inafika kwa aNagama mofulumira zedi. Anainyamula ndani sindikudziwa, ine ndinangopita kumeneko kukapereka tomato.

Masana omwewo pakhonde panadzaza. ANagama kutsogolo, manja m'chiuno, gulu lawo kumbuyo. A Yunike anafika akuthamanga, khasu atalisiya kumunda, matope ali m'miyendo.

"Ndinanena ine!" anatero aNagama, akukupiza zitenje ziwirizo m'mwamba. "Mwapangana anthu a ku Luwani inu kuti mutiveke zofanana, dziko liziti ndife amodzi. Dickson akwatire yekha, ife Loweruka tikadzala chimanga. Ndipo inu a Ruweida, dzina lanu lija lathera pano. Ndikanena ku tchalitchi, ndikanena kuchigayo, ndikanena ngakhale pamaliro, kuti sitolo iyi imaonetsa china n'kugulitsa china."

A Yunike sanatukwane. Bola akanatukwana. Anangoyang'ana mnzawo n'kunena chapansipansi kuti, "Ruweida, iwe? Mwana wanga ndikamuuza chiyani?"

Apo ndi pomwe manijala analowererapo.

"Amayi, amayi, tadekhani. Vuto ndi maso, si nsalu ayi. Taonani."

Anayala zitenje ziwirizo pansi moyandikana, n'kulozetsa kamera. Pa galasi paja, Mulungu ndi mboni, ina inafiira psuu ngati tomato, ina nachesi weniweni wa m'mwezi wa Juni. Amayi anachita kuti, "Iii!" Kuyang'ana pansi, kuyang'ana pa foni, pansi, pa foni, ngati nkhuku zikumwa madzi.

"Mwaona?" anatero a Kassim, mawu atabwerera. "Ukwati ndi wa tsiku limodzi, zithunzi ndi za muyaya. Ndidzajambula ndekha ndi foni yomweyi. Adzukulu anu adzaona akuchimuna ofiira, akuchikazi a nachesi. Vuto lili pati?"

Chomwe chimandipweteka mpaka lero n'choti ena anayamba kugwedeza mitu kuvomereza. Amayi akuluakulu, obereka ana, odziwa kusiyanitsa nyemba ndi khobwe mumdima, okonzeka kukavina atavala dothi bola galasi liwanamize! Tafika pamenepo ife? Chinthu chili pansi pa mphuno yako, koma ukukhulupirira kachidutswa ka galasi kogulidwa ndi mbuzi?

Ngakhale aNagama sindiwakonda, apa anayankha bwino. "Ndiye alendo onse tidzawagawire mafoni pachipata, azitionera pa galasi? Bambo inu, mumaganiza ndi kofiyayo?"

A Ruweida anatsika pakhonde, bondo likuwawa. Anatambasula dzanja n'kutenga foni m'manja mwa amuna awo, foni ija sankaloledwa kuikhudza, n'kuiika pa mpando chafufumimba, galasi pansi.

"Bambo a Yasmin, khalani uko."

A Kassim anaona maso a akazi awo, n'kumvera. Pa mpando panali foni, ndiye anakhala pa sitepe.

"Amayi, maso anu ali bwinobwino," anatero a Ruweida. "Nsaluzi ndi mtundu umodzi. Zadutsa pakhomo panga ndisanazigwire. Mlandu ndi wanga."

Wanu? Ine ndinachita kudzuka pa benchi. Wanu bwanji, woitanitsa ali apo, wodula ali apo, sizasi ikanali yofunda? Koma akazi a kuno tinaphunzitsidwa kuvindikira amuna athu ngati mbale ya ndiwo, ngakhale zili m'katimo zitasasa. Ndipo a Kassim anawalola akazi awo asenze. Anali kuyang'ana foni yawo, kuopa kuti galasi likandika.

Kenako a Ruweida anachita zomwe akanachita ku Limbe bondo likanalola. Anatola chitenje chimodzi, ananunkhiza, ananyowetsa chala, anatikita pakona, anachikwinya.

"Nsalu yake ndi yabwino. Siisuluka, ilibe sitachi, muvala mpaka kutopa nayo. Mtundu wokha ndiwo si umene munaona. ANagama, mukaifuna tengani. Mukapanda kuifuna, zomwe munasonkha ndikubwezerani. Koma zoti muvala zofanana ndi akuchikazi, zimenezo sizichitika. Dikirani."

Anazungulira kuseri, kunyumba. Tinamva bokosi lachitsulo likukhwekhwerezedwa pa simenti. Ine ndinadziwa pomwepo chomwe akukatenga. Anaitana kuti, "Yunike, bwera undinyamulitse, bondo ili."

Anatuluka nalo awiriwiri belo lija, n'kulitambasula pa chingwe, padzuwa. Buluu uja. Sanafune galasi la munthu aliyense kuti amuthandize. Timaluwa toyera tija tinkachita ngati tikugwedezeka. Palibe anati "iii" ulendo uno, anthu anangoti kukamwa yasa.

"Ayi, Ruweida," anatero a Yunike. "Iyi ndi ya Yasmin. Ndikuidziwa ine."

"Yasmin ndi wanga, ndilankhula naye. Ellen akukwatiwa Loweruka. Iyi ndinaigwira ndekha, ndikuidziwa. Gwira uko, ndidule."

Sizasi italowa mu nsalu ija, a Yunike anatembenuka kuyang'ana kuchigayo.

ANagama anatsokomola. "Komatu ifenso ya buluuyo tikanaikonda."

Apo sindinathe kudzigwira. Ndinakuwa ndili pa benchi pomwepo kuti, "Inu munasankha yofiira, amayi! Musadandaule, pa foni ya a Kassim mudzafiira!"

Chiphwete chinaphulika mpaka gulu lawo lomwe. ANagama anandiyang'ana diso loti likanakhala mpeni bwenzi mukuwerenga za maliro anga. Koma zomwe anafuna zinali zoti asafanane ndi a ku Luwani, ndipo sanafanane. Msewu unali phala, Loweruka linali pakhomo, matelala akudikira. Ananyamula mulu wawo wa katondo n'kumapita.

Madzulo ake a Ruweida anaimbira Yasmin pa kafoni kawo ka mabatani, kuseri kwa sitolo, pafupi ndi pomwe ndimataya tomato woola. Ine ndinali ndi wotaya wambiri tsiku limenelo. Ndinangomva mbali imodzi. "Pepa mwanangu... Ayi, bambo ako asiye... Ndidzapita ndekha bondo likapola... Yofanana nayo sindikulonjeza." Atadula anakhala pa njerwa nthawi yaitali, kafoni kali m'dzanja.

Ukwati unachitika. Wolengeza ataitana akuchikazi, bwalo linasefukira buluu, anthu mpaka kukwera pa mabenchi. Ataitana akuchimuna, kunabwera katondo, fumbi la kuvina litakwera sunkadziwa kuti munthu wathera pati, bwalo layambira pati. Ellen anaseka tsiku lonse, Dickson anavina ngati miyendo ndi yobwereka, aNagama anadya mpunga mbale ziwiri.

Tsono imvani izi. Pa nthawi yothokoza, wolengeza uja anagwira maikolofoni nati, "Tiwaombere m'manja a Kassim, bambo wa zamakono, amene anatibweretsera nsalu zokongolazi pa foni, osachoka pa Ligowe!" Ndipo a Kassim anaimirira. Anaimirira, abale! Anakweza foni m'mwamba n'kuizunguza kuti kumsana kuja kusinthe mitundu, anthu akuomba m'manja ndi nthungululu pamwamba. A Ruweida anali kumbuyo kwenikweni, mwendo atausanjika pa kireti ya zakumwa. Dzina lawo silinatchulidwe. Ine manja anga ndinawakhalira. A Yunike okha ndi amene anachoka kutsogolo, pa mpando wa make mkwatibwi, n'kukakhala pansi pambali pa kireti ija mpaka nyimbo inatha.

Bondo litapola a Ruweida anakweranso lole. Anazungulira Limbe yense ndi kachidutswa ka buluu kotsala, koma kulikonse anawauza kuti nsalu imeneyo inatha ndipo sikubweranso. Nikaha ya Yasmin ndi ya pambuyo pokolola, ndipo mpaka pano sanapeze yowakhutiritsa. Amabwera chimanjamanja, n'kupitanso.

Dzina lokha ndilo linatsala chilili. Khirisimasi itayandikira, amayi anadzaza pakhonde ngati kale. Mmodzi wa iwo anali aNagama, ndipo a Kassim atayamba kupisa m'thumba kuti awaonetse zatsopano za ku Limbe, iwo anati, "Bwezani mommo, bambo. A Ruweida, tiyeni nacho padzuwa."

Mukufunsa za mulu wina wa katondo uja, womwe unayenera kukhala nachesi? A Ruweida sanagulitse ngakhale chitenje chimodzi, ati anthu anachiona kale pa galasi chili china. Sanakalipe, sanapite kwa ankhoswe. Anaunyamula wonse kupita nawo kwa a Gerishon, telala wa pafupi ndi chipatala, pamodzi ndi mkanjo umodzi wa amuna awo woyezera. Munatuluka mikanjo, malaya, mathalauza, makofiya, ndi kathumba ka foni kokhala ndi chingwe chokolekera m'khosi. Mikanjo yoyera ija anaichapa, anaisita bwinobwino, anaipinda n'kuiika m'bokosi lachitsulo momwe munali buluu wa Yasmin. Kiyi ali pa mkanda m'chiuno mwawo. Anawauza amuna awo, ine ndikumva, kuti bokosi silikhala lopanda kanthu. Tsiku lomwe mudzalowe nsalu ya nikaha ndi lomwe mikanjo idzatuluke.

Ndiye a Kassim akuyenda pa Ligowe kuyambira kumutu mpaka kumapazi ali katondo. Akamatsika msewu masana, a njinga zamoto amawaona mochedwa. Pakhonde amakhalabe, mwendo pamwamba pa unzake, ndipo nthawi zina amatulutsa foni m'kathumba kaja, n'kudzijambula, n'kuwoloka msewu kudzandionetsa.

"Taonani, mayi. Si ndafiira apa?"

Pa galasi amafiiradi, psuu, ngati tomato wanga wa tsiku lija. Ine ndimangowachenjeza kuti asamaime pafupi ndi khoma la chigayo, anthu otopa angawatsamire.